Voti siiwerenga: matanthauzo a mawu akuti count ndi anzake

Mayi wina wa ku Chawama walemba kuti: "Ndimathandiza kumasulira zidziwitso za gulu lathu la amayi kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chinyanja. Pachikwangwani china ndinaona mawu akuti 'Every vote counts', ndipo mwana wanga anati ndiye kuti voti iliyonse imawerenga. Ine zinandimvekera zokhota. Kuchipatala ndimamvanso za 'CD4 count', m'nyuzipepala amati wakuti ali ndi 'three counts'. Kodi onsewa ndi mawu amodzi? Nanga ndi mawu ati ena omwe angalowe m'malo mwake?"

Amayi, khutu lanu silinakunamizeni. Mwanayo anatola tanthauzo loyamba lomwe anakumana nalo mudikishonale n'kuthamanga nalo, koma voti ilibe maso kapena zala zoti n'kuwerengera kanthu. Chikwangwanicho chikunena kuti voti iliyonse ili ndi mphamvu, palibe yongotaya. Mawuwo ndi amodzi ndithu, kungoti ali ndi ntchito ziwiri zikuluzikulu, ndipo pali njira yachidule yodziwira kuti pamalo akutiakuti akugwira iti.

Yang'anani chomwe chili kutsogolo kwake. Mukaona dzina la chinthu likutsatira, monga "count the money", "count the chairs", "count the children", apo ndi kuwerenga komwe tikukudziwa: werengani ndalama, mipando, ana. Mukaona kuti palibe chotsatira, bwererani m'mbuyo muone yemwe akunenedwa. Akakhala munthu, n'kutheka kuti kudakali kuwerenga komweko, monga mphunzitsi akamati mwana wanu "can count to twenty", amatha kuwerenga mpaka 20. Koma chikakhala chinthu chopanda pakamwa, voti, mphindi, ngwee, maganizo, ndiye kuti nkhani yake ndi ya kufunika. "Every minute counts" ndi zomwe anganene namwino mayi woyembekezera akamataya magazi: musachedwe, mphindi iliyonse ikutha kupulumutsa kapena kutayitsa moyo. Kumasulira kuti mphindi imawerenga n'kusokoneza anthu pa nthawi yomwe sakufunika kusokonezedwa.

Tisanapite patali, pali kamsampha kathu ka muno mu Lusaka. M'Chinyanja cha m'mabuku mawu akuti kuwerenga amasenza katundu muwiri, kalata timawerenga, ndalamanso timawerenga. M'tauni muno ambiri amasiyanitsa, amati kupenda ndalama, mawu omwe tinabwereka ku Chibemba. Palibe cholakwika pokamba pamsika wa Soweto, aliyense amva. Koma chidziwitso cholembedwa chimayenda, chikhoza kukafika kwa agogo ongobwera kumene kuchokera ku Katete kapena ku Mchinji, ndipo kwa iwo kupenda ndi kuyang'anitsitsa chinthu kuti uone ngati chili bwino. Mukalemba kuti "tidzapenda ndalama Loweruka", iwo amva ngati mukukayikira kuti ndalamazo n'zachinyengo. Ine polemba ndimasunga kuwerenga, popeza dzina lotsatira limathetsa lokha chisokonezo. Palibe amene angaganize kuti kuwerenga mbuzi n'kofanana ndi kuwerenga Baibulo.

Tibwerere ku voti, chifukwa kumeneko n'komwe matanthauzo awiriwa amaonekera bwino mbali ndi mbali. Malo ovotera amatsekedwa 18 koloko. Mabokosi amatsegulidwa pomwepo, oimira zipani ndi oyang'anira zisankho akupenya. Mapepala amakhuthulidwa patebulo, amafunyululidwa limodzilimodzi, ndipo lililonse limaikidwa pa mulu wa amene wasankhidwa. Koma pamakhala mulu wina wapambali. M'menemo mumalowa pepala lomwe munthu wachonga anthu awiri, lomwe sanachonge paliponse, lomwe walembapo dzina lake, komanso lopanda chidindo. Amenewa ndi mavoti okanidwa. Nawonso amawerengedwa bwinobwino, chiwerengero chawo chimalembedwa pafomu ya zotsatira. Pa Chingerezi munganene kuti "they are counted, but they do not count": awerengedwa, koma sapita kwa wina aliyense, alibe mphamvu.

Si nkhani yongosewera ndi mawu imeneyi. Kuyambira pomwe malamulo a dziko anasinthidwa mu 2016, wopambana pa upulezidenti amayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti ovomerezeka, osati theka la mapepala onse opezeka m'mabokosi. Chaka chimenecho Edgar Lungu anapeza mavoti 1,860,877 ndipo Hakainde Hichilema anapeza 1,760,347. A Lungu anadumpha mzere wa theka ndi mavoti pafupifupi 13,000 okha, pomwe okanidwa anali oposa 85,000. Chaka cha 2015, pachisankho chomwe chinachitika Michael Sata atamwalira, anthu awiri omwewa anasiyana ndi mavoti osakwana 28,000 dziko lonse. Munthu amene anadzuka m'mamawa, n'kuima pamzere mpaka dzuwa kumuwotcha, kenako n'kuchonga pawiri, anawerengedwa pa anthu obwera kudzavota, koma pa funso la yemwe alamulire dziko sanayankhepo.

Choncho pachikwangwani chanu lembani kuti "Voti iliyonse ili ndi mphamvu", kapena "Voti yanu ndi yofunika". Ine ndimakonda yoyambayo, chifukwa kufunika kwangofala kwambiri, chilichonse masiku ano akuti n'chofunika. Ndipo samalani kuti musasokoneze ndi chiganizo china chofanana nacho, "Every vote must be counted". Ichi chikulankhula kwa ogwira ntchito ya chisankho, kuti asasiye pepala lililonse osaliwerenga. Choyamba chija chikulankhula kwa inu ndi ine, kuti tisakhale kunyumba.

Kulumikizana kwa matanthauzo awiriwa si kwachilendo kwa ife. Timati paukwati panali anthu 200 osawerengera ana, kutanthauza kuti ana sanalowe m'chiwerengero. Koma mkazi akadandaula kuti kuchimuna samuwerengera, sakunena za masamu. Akunena kuti zinthu zimakambidwa, zimagamulidwa, iye ali pomwepo ngati palibe. Mzungu anganene kuti "I don't count in that family". Chomwe chalowa m'chiwerengero n'chomwe chimasintha zotsatira, chosiyidwa kunja chilibe mawu. Mukagwira mfundo imeneyi, matanthauzo ena onse savuta.

Tsopano mawu ofanana nawo. Dikishonale idzakupatsani mndandanda wautali ngati kuti onse ndi mapasa, koma aliyense ali ndi pake. Tiyerekeze ndi tsiku la msonkhano wa gulu lanu losunga ndalama. Msungichuma wayala chitenje, ndalama zili pamenepo, za K100 pazokha, za K50 pazokha, zachitsulo m'mbale. Akamanyowetsa chala n'kumatsegula imodziimodzi, akuchita "count". Mlembi akamatenga zomwe aliyense wapereka m'buku n'kuziika pamodzi kuti apeze zonse, akuchita "add up" kapena "total", ife timati kuwonkhetsa. Akamafuna kudziwa chiwongoladzanja cha mayi amene anakongola K800 pa 10 peresenti, palibe chomwe akugwira m'manja, akuchita masamu kuti apeze K80. Uku ndi "calculate", kuwerengetsera. Mawu amenewa anachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kamwala, popeza akale ankawerengetsera ndi timiyala. Simunganene kuti "calculate the chairs" pomwe mipando ili pamaso panu, ndipo simunganene kuti "count the interest" ngati ndalamayo sinafike pachitenje.

Mawu akuti "tally" ndi omwe ali ndi mbiri yokoma. Tanthauzo lake loyamba ndi kusunga chiwerengero pang'onopang'ono zinthu zikamachitika, monga amachitira wolandira matumba a makala akamatsitsidwa m'lole: thumba likatsika, kamzere, likatsika lina, kamzere, kachisanu n'kudula tinayi tija. Gwero lake ndi liwu la Chilatini la kamtengo kodulidwa. Ku England, kwa zaka mazana ambiri, boma linkalemba ndalama za msonkho pa timitengo. Ankasema mipata pakamtengo molingana ndi ndalamazo, kenako n'kukang'amba pakati m'litali, theka kwa wopereka, theka kwa wolandira. Pakabuka mkangano ankalumikiza zidutswa ziwirizo, mipata ikagwirizana ndiye kuti palibe wanama. Njirayi inasiyidwa mu 1826, ndipo pa 16 October 1834 ogwira ntchito atauzidwa kuti atenthe milu ya timitengo takale m'ng'anjo za pansi pa nyumba ya malamulo ku London, moto unapitirira n'kupsereza mbali yaikulu ya nyumbayo. Kuchokera ku zidutswa zija kunabwera tanthauzo lachiwiri, kugwirizana. Ndalama za pachitenje zikakhala K6,300 koma buku likuti K6,450, mlembi anena kuti "the figures don't tally", ziwerengero sizikugwirizana. Apa simungaikepo "count" ayi. Anzathu a ku Malawi amatchula malo owonkhetsera mavoti kuti "tally centre", kuno timamva kwambiri "totalling centre". Ntchito yake ndi imodzi.

"Enumerate" ndi mawu a mu ofesi, kutchula kapena kulemba zinthu chimodzichimodzi osadumpha. N'chifukwa chake achinyamata omwe ankayenda khomo ndi khomo ndi matabuleti pa kalembera wa 2022 ankatchedwa "enumerators". Sankangoloza mitu, ankalemba aliyense ndi zaka zake ndi zina zotero, ndipo pamapeto anapeza kuti m'Zambia tili anthu pafupifupi 19.6 miliyoni, kuchoka pa 13 miliyoni mu 2010. Pocheza wamba musawagwiritse ntchito, mungamveke ngati mukuwerenga lipoti. "Reckon" ndi achikale pa nkhani ya masamu, masiku ano amamveka kwambiri m'tanthauzo la "ndikuganiza kuti". "Number" monga mneni amatanthauza kuika manambala pa zinthu, monga masamba a buku, kapena kukwana chiwerengero chakuti.

Kumbali ya kufunika, mnzake wapafupi ndi "matter". Palinso "be important", "make a difference" ndi "carry weight", awa omalizawa amanenedwa makamaka za mawu a munthu amene akalankhula anthu amamvera, monga ankhoswe pa mlandu wa banja. Nthawi zambiri "count" ndi "matter" amasinthana popanda vuto, "your opinion counts" ndi "your opinion matters" ndi chimodzimodzi. Koma akakhala okana amapatukana, ndipo apa ndi pomwe omasulira ambiri amagwa. "It doesn't matter" ndi zilibe kanthu, musadandaule. "It doesn't count" ndi chigamulo: ichi sitichilandira, sichilowa m'chiwerengero. Wosewera akagoletsa ali pa ofusayidi, chigolicho "doesn't count", achikana. Mukauza ochemerera kuti zilibe kanthu, mudzaona kuti kanthu kalipo. Ngakhale usiku uja wa pa 12 February 2012 ku Libreville, Chipolopolo itagonjetsa Ivory Coast 8–7 pa mapenate, zigoli za mapenatezo sizinalowe pa zigoli za masewerowo kapena pa mndandanda wa ogoletsa. M'mabuku masewerowo analembedwa 0–0. Komatu palibe m'Zambia amene anganene kuti zinalibe kanthu.

Kusiyana kwake n'kwakuti "count" amafuna kuti pakhale poyezera, mpikisano, mayeso, chisankho, lamulo, china chake chomwe chikusonkhanitsa zinthu n'kutulutsa zotsatira. "Matter" safuna zimenezo, chinthu chikhoza kungokhala chofunika mumtima mwa munthu.

Za kuchipatala zija n'zosavuta. Pamenepo mawuwa ndi dzina, ndipo akutanthauza chiwerengero. "CD4 count" ndi kuchuluka kwa maselo a chitetezo otchedwa CD4 m'kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi. Munthu wathanzi amakhala nawo pakati pa 500 ndi 1,500, ndipo akatsika kufika pansi pa 200 ndiye kuti chitetezo chafooka kwambiri, matenda ena amalowa mosavuta. Pomasulira nenani kuti chiwerengero cha asilikali a m'thupi, anthu anazolowera kumva choncho. Kungoti muziwakumbutsa kuti ichi n'chosiyana ndi "viral load", komwe ndi kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi. Choyamba timafuna chikwere, chachiwiri timafuna chitsike mpaka chisaoneke. Ndaonapo anthu akusangalala ndi nambala yaikulu pa pepala lolakwika. "Full blood count" ndi kuyeza komwe amawerenga mitundu yonse ya maselo a m'magazi, ofiira, oyera ndi othandiza magazi kuundana.

Kukhoti ndiye kumafunika kusamala. "Count" kumeneko ndi mlandu umodzi pa pepala la milandu. Munthu akaba katatu pa masiku osiyana, ngakhale kwa bwana mmodzi yemweyo, akhoza kuimbidwa "three counts of theft", milandu itatu ya kuba. Uliwonse amauwerenga pawokha, iye n'kuyankha pawokha kuti akuvomera kapena akukana, ndipo akhoza kupezeka wolakwa pa woyamba n'kumasulidwa pa wachiwiri. Chilango nachonso chimaperekedwa pa mlandu uliwonse. Apa abale ambiri amalira msanga kapena kusangalala msanga, chifukwa samva mawu otsatira. Woweruza akanena zaka ziwiri pa mlandu uliwonse "to run concurrently", zilangozo ziyendera limodzi, munthuyo akhala zaka ziwiri. Akanena "consecutively", chimodzi chikatha china chiyamba, zaka zisanu ndi chimodzi. M'nyuzipepala mukaona mutu wakuti wina ali ndi "40 counts", sikuti anawerengedwa maulendo 40, ndi milandu 40. Pano mawu ofanana nawo ndi "charge", ndipo "tally" kapena "total" sangalowepo n'komwe.

Palinso timawu tating'ono tomwe tikamamatira kutsogolo timasintha zonse. "Count on" ndi kudalira, "you can count on me" ndi mundidalire, sindikugwiritsani mwala. Chinyanja chilinso ndi njira yomweyi, paja timati munthu wawerengera madzi a mphutsi akadalira chinthu chomwe sichimuthandiza. "Count me in" ndi nanenso ndili nawo, mundilembe. "Count me out" ndi ine ayi, mundichotsemo. "Count against" ndi chinthu chomwe chidzakuipitsira mbiri poweruza, monga kujomba kumisonkhano pomwe ukudzapempha ngongole. "Count as" ndi kutengedwa ngati, monga pofunsa ngati chiphaso chakutichakuti chikulandiridwa ngati umboni. "Lose count" ndi kusokonezeka powerenga, kapena kunena kuti zachuluka moti sungakumbukirenso kuti n'zingati. Mwambi wa Chingerezi woletsa kuwerenga anapiye mazira asanaswe musaumasulire liwu ndi liwu, tili nawo wathu: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Mawuwa analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakale, kuchokera ku Chilatini "computare", komwenso kunachokera dzina la kompyuta. Abale ake ndi "account", yomwe ndi akaunti ya kubanki komanso kufotokoza momwe zinthu zinayendera, ndi "discount", kuchotsera mtengo kapena kusalabadira zomwe wina wanena. "Recount" ali pawiri. Woluza chisankho akapempha "a recount" akufuna mavoti awerengedwenso, koma mboni ikamachita "recount" zomwe inaona ikungosimba nkhani. Mukakumana ndi "Count" wa chilembo chachikulu kutsogolo kwa dzina la munthu m'mabuku a mbiri ya ku Ulaya, ameneyo ndi wina, ndi udindo wa mfumu yaing'ono, ndipo gwero lake ndi liwu lina la Chilatini lotanthauza mnzake wa mfumu.

Chotsala ndi chomwe mwana wanu adzakumane nacho pamayeso, ndipo inunso chimakukhudzani mukamalemba zidziwitso m'Chingerezi. Dikishonale imaika kachilembo C kapena U pambali pa dzina, kusonyeza ngati Chingerezi chimalola kuliwerenga kapena ayi. Ufa, madzi, makala, mchere ndi U. Simunganene kuti "three mealie meals", mumawerenga chotengera chake, mapamela atatu, matumba awiri, meda imodzi. Ifenso sitinena kuti maufa atatu, ndiye apa palibe chachilendo. Chodabwitsa n'chakuti "money" nayonso ndi U, chinthu chomwe kondakitala wa basi ya ku Kulima Tower amachiwerenga tsiku lonse. Chingerezi chimawerenga makwacha, osati ndalama. N'chifukwa chake amafunsa "how much money" koma "how many kwacha notes", ndiponso "how many members". Mawu enanso omwe amatipunthwitsa ndi "advice", "information", "furniture" ndi "equipment". Kwa ife malangizo ndi zipangizo n'zambiri, ndiye dzanja limafuna kuwonjezera s kumapeto. Musatero. Pachidziwitso chanu lembani "some advice" kapena "two pieces of equipment", ndipo pofunsa za zopereka za mwezi muyambe ndi "how much".